Udzu M'nyumba ya Simenti

"Ndani wandiphikira udzu m'nyumba muno?"

A Simenti anali ataima pakati pa khitchini, chivundikiro cha poto chili m'manja, makiyi a sitolo akulendewera palamba. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale, chiyambireni iwo kugulitsa simenti ndi malata pamsika. Mtengwa, mkazi wawo, sanatembenuke. Anapitiriza kudula anyezi ngati funsolo lafunsidwa m'nyumba ya eni.

"Ndikufunsa iwe."

"Ophika m'nyumba muno tilipo angati, bambo?"

"Usandiyankhe ngati tili kukhoti. Fungo limeneli ndalimvera kugeti. Ndimayesa ndasochera, ndalowa m'khola la mbuzi."

"Si udzu. Ndi bonongwe. Ndaphikira Amayi."

"Amayi anga?" A Simenti anaika chivundikirocho patebulo mwaphokoso. "Amayi anga adye zomera m'ngalande? M'firiji muli nyama ya ng'ombe, muli soseji, muli nkhuku ziwiri. Kabati yadzaza mpunga ndi buledi. Chasowa n'chiyani kuti uzikatola zinyalala?"

Mtengwa anapukuta manja, natenga pepala limene linali pamwamba pa firiji.

"Dzulo ndinakuuzani, inu maso ali pafoni. Ili alemba ndi anamwino a kuchipatala cha maso. Diso lakumanzere la Amayi pakati pake panafa, ndipo sipadzadzukanso. Lakumanja layamba. Akuti kumbuyo kwa diso kuli kamalo kakang'ono ngati njere, ndiko kamene kamaona nkhope ya munthu, zilembo, bowo la singano. Kamatha ndi ukalamba, koma kamatha msanga mwa munthu amene sadya masamba obiriwira, maungu, karoti, mapapaya, mazira, nsomba. Chimene chatayika palibe wochibweza. Chotsalacho ndiye tikhoza kuchisamala."

"Ndi bonongwe."

"Ndi bonongwe, inde."

A Simenti anaseka, kuseka kwa m'mphuno kumene ankasekera makasitomala ofuna kunenerera.

"Munthu aphunzire zaka zonsezo kuti adzalembere wodwala udzu? Zikanakhala zoona bwenzi mbuzi zikuwerenga nyuzipepala. Ndiponso Amayi amaona bwinobwino. Dzana lomweli anditolera batani la malaya pansi pa tebulo, ine nditalifunafuna mpaka kutuluka thukuta. Amayenda nyumba yonse ino osagunda mpando. Wakhungu wake uti ameneyo?"

"Akuti matendawa amatero. M'mbali munthu amaona, koma pakati..."

"Akuti, akuti. Iwe chilichonse cholembedwa ndi cholembera chofiira ndiye uthenga wabwino."

Apongozi ake a Mtengwa anatulukira pakhomo, dzanja limodzi likukhudza chipupa, mutu utapendekera kumbali ngati nkhuku yoyang'ana mphamba.

"Mukulimbirana chiyani ana inu, dzuwa likali paliwombo?"

"Amayi, mwamutuma ndinu mtengwa wanuyu kuti akuphikireni masamba?"

Nthunzi inali ikutulukabe mupoto. Mtengwa anaona mphuno za gogoyo zikutukuka pang'ono, naona pakhosi pawo pakuyenda pamene ankameza malovu.

"Ine? Masamba? Aa, bambo, ndinadya okwanira moyo wanga wonse. Zaka makumi atatu ndikugulitsa pamsika, otsala ndikudya ndekha. Ine buledi ndi tiyi, mtima uli m'malo."

"Wamva?" anatero a Simenti. Ananyamula poto ndi nsanza, natuluka nayo, ndipo Mtengwa anamva chivundikiro cha mgolo wa zinyalala chikutseguka ndi kutsekeka. Atabwerera anati, "Mazira ndavomera. Dzira ndi chakudya cha munthu. Nsomba ayi, angatsamwe ndi minga. Maungu ndi mapapaya usandiuze n'komwe, muno simuli chaka cha njala."

Nyumba ya a Simenti inali yoyamba m'mudzimo kukhala ndi mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. Bwalo lonse anathira simenti, kuyambira kugeti mpaka kuseri kwa thanki ya madzi, moti nyerere yofuna dothi inkayenera kukapempha kwa oyandikana nawo. Papaya amene anamupeza pamalopo anamudula, ati ankadetsa galimoto. Mayi awo anawachotsa m'kanyumba kawo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, nawapatsa chipinda cha matailosi, bedi la matiresi awiri ndi wailesi yakanema yawoyawo.

Masana aliwonse ankatseka sitolo kudzadya ndi mayi awo, ndipo ankakondwa kwambiri pakakhala mlendo woti aone. Ankawaikira okha nyama m'mbale, nthuli zitatu zikuluzikulu, n'kuwatsegulira botolo la chakumwa chozizira. Apongozi anali ndi mano anayi, awiri mwa iwo ogwedera. Ankathira msuzi pampunga, buledi ankanyika m'chakumwacho, ndipo nthuli zija zinkatsetserekera m'kansalu ka pamiyendo mwana wawo akamayankha foni. Galu wa pakhomopo ndiye anali wonenepa kuposa agalu onse a m'mudzimo, ubweya wake uli waliwali. Mtengwa ankazidziwa zimenezi kuyambira chaka choyamba. Ankachapa kansaluko osanena kanthu, poti kuchapa kunali kosavuta kusiyana ndi kukangana. Tsopano akakaona kali pachingwe, ankayang'ana kumbali.

Patapita masiku awiri a Simenti anabwera kuchokera kutauni ndi magalasi a mafelemu agolide, ogula popanda kupima, ndi timabotolo titatu ta mankhwala odonthezera.

"Awa ndiye mankhwala," anatero. "Valani, Amayi. Bwanji, mukuona?"

"Ee, kwayera mbee," anatero Apongozi, akuyang'ana khutu la mwana wawo.

Mtengwa anayesa njira zake. Anadula masamba tizidutswatizidutswa n'kuwasakaniza ndi dzira. A Simenti anasuzumira m'mbale ya mayi awo nafunsa kuti dziralo ladwala chiyani. Anaganiza zophika m'mawa bamboyo ali kusitolo, koma masamba ankagulitsidwa pamsika, moyang'anana ndi sitoloyo. Tsiku limene anakagula, asanafike n'komwe pageti, foni inali italira kale.

"Wandivula pamsika," anatero a Simenti pafonipo. "Amayi onse aja amene ankakhala mzere umodzi ndi Amayi akuseka. Wina wabwera mpaka pakauntala, ati, ‘Bwana, zavuta kodi? Tikusungireni mpiru wotsala?’ Ine! Bwerera nawo ukawabwezere."

Sanabwerere nawo. Anawaphika chitseko chitatsekedwa, mawindo ali pululu kuti fungo lituluke, ndipo Apongozi anadya ali chiimire kuseri kwa chitseko ngati mwana wakuba shuga. Anapukuta mbale ndi chala. Koma pamsika Mtengwa sakanapitanso, ndipo kupempha kwa oyandikana nawo kunali ngati kulengeza pachimkuzamawu.

M'mawa mwake Apongozi anamuitanira kuchipinda. Anagwada pafupi ndi bedi, nakoka sutikesi yakale, napapasa pansi pa nsalu zimene sankavalanso. Anatulutsa kabotolo ka mankhwala a chifuwa kotsekedwa ndi kansanza.

"Musandiseke, mtengwa."

Munali njere. Tating'ono takuda ta bonongwe, tozungulira ta mpiru, ndi nthanga za maungu zowerengeka.

"Zaka zonsezi, Amayi?"

"Ndinkati ndizitaye. Dzanja linkakana."

Matumba a simenti opanda kanthu anali osasowa pakhomopo. Mtengwa anatenga asanu ndi atatu, nawaika kuseri kwa thanki kumene mwamuna wake sankafikako. Dothi analituta ndi ndowa kunja kwa mpanda, m'mawa uliwonse galimoto ikangotuluka. Apongozi ankalifikisa ndi zala, kulinunkhiza, n'kumubweza.

"Ili ndi lanjala. Kapaleni pansi pa mtengo uja mbuzi zimagonapo. Inu sukulu munaphunzira, koma dothi simulidziwa."

Theka la njerezo silinamere. Zimene zinamera Apongozi ankaziyendera katatu patsiku. Ankazizindikira ndi nsonga za zala, kuzula udzu osalakwitsa, kukalipira tizilombo ngati ana a eni oba mango. Mtengwa anali asanawamvepo akuyankhula mawu ambiri chotero.

Tsiku lina, akupatulira mbande, anawafunsa.

"Amayi, mukandiyang'ana chonchi mumaona chiyani?"

Gogoyo analoza diso lakumanzere.

"Ndi diso ili, palibe. Ngati wina wadinda chala cha makala pagalasi. Ndimaona duku lanu, mapewa, thanki uko. Pamene payenera kukhala nkhope pali mtambo. Ndi linalo ndimakuonanibe, koma ngati muli pansi pa madzi. Mphuno imapindika." Anaseka pang'ono. "Musadandaule, mukali wokongola."

"Nanga bwanji osawauza bambo?"

"Ndimamudziwa ndi makiyi. Akamabwera amalira ngati ng'ombe ya belu. Ndiye ndimakweza mutu, ndimamwetulira kumene kukuchokera phokosolo. Amakhutira."

"Koma inu ndinu mayi awo. Mutanena ndinu kuti mukufuna masamba, angakane?"

Apongozi anapukuta zala pansalu. Ulendo uno sanati inu.

"Iwe unamupeza ali kale Simenti. Kusukulu ankamutcha Kampiru. Tinkagona chipinda chimodzi, ine, iye ndi madengu, ndiye yunifolomu yake inkanunkha masamba ovunda, kaya ndiichape bwanji. Tsiku lina mphunzitsi anamuimika kutsogolo, ati kalasi yonse idutse imununkhize. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anabwera kunyumba osalira. Anangoti, ‘Amayi, ndikadzakula simudzagwiranso tsamba.’ Ndiye wakula. Wasunga mawu ake, chinthu chimene bambo ake sanachitepo n'kamodzi komwe. Ndimuuze kuti lonjezo lakelo likundidya maso? Pakamwa pake pati?"

Mtengwa anathirira mbande, madzi akutuluka m'mabowo a matumba n'kuyenderera pasimenti.

Sabata yachitatu itatha, bonongwe anali atafika pachikhatho ndi theka. Apongozi anati Loweruka athyole koyamba. Koma Loweruka lomwelo kunkabwera alendo, akuluakulu a kampani ya simenti, kudzaona ngati a Simenti angapatsidwe depoti ya dera lonselo. Lachisanu masana bamboyo sanabwerere kusitolo. Anavula malaya, natenga paipi, nayamba kutsuka bwalo yekha, ngodya ndi ngodya. Mtengwa ali kukhitchini anamva madzi akusunthira kuthanki. Kenaka anamva paipi itagwa pansi, madzi akungotayika.

Anawapeza ataima, manja ali m'chiuno, akuyang'ana matumba asanu ndi atatu obiriwira, aliwonse ali ndi chizindikiro cha kampani ya alendo a mawawo.

"M'matumba anga," anatero motsitsa mawu. "Pabwalo langa. Dimba."

"Ndiwabisa ndi lona, bambo. Alendo safika kuno."

"Kodi iwe ndinakulakwira chiyani? Ndinakuchotsa m'nyumba yodontha, ndakuveka, ana ako ali kusukulu yogonera komweko. Ukufuna anthu azinena kuti Simenti amadya nyama, mayi ake akudya zomera m'matumba?"

"Anthu, anthu! Anthuwo ndi amene adzawagwire dzanja Amayi popita kuchimbudzi?"

"Tseka pakamwa."

"Ndatseka zaka zisanu ndi chimodzi. Nyama imene mumawaikira mukudziwa amadya ndani? Tamuonani galu wanuyo. Amayi mano alibe, bambo! Zaka zonsezi akhala pa buledi, mpunga ndi madzi a shuga, inu mukuombera m'manja. Ine ndinkaona, ndinkachapa kansalu, ndinakhala chete. Mlandu umenewo ndi wanga, ndauvomera. Wanu muuvomera liti?"

Nkhope ya a Simenti inachita ngati yathiridwa phulusa. Anatembenuka, nakuwa.

"Amayi! Tabwerani kuno."

Apongozi anali kale pangodya ya nyumba. Anayandikira pang'onopang'ono, magalasi agolide ali pamphuno.

"Nyama imene ndimakupatsani mumapatsa galu?"

"Galu amatola zogwa, bambo. Manja a nkhalamba amagwetsa."

"Maso anu akuvuta?"

"Ukalamba basi. Magalasiwa akundithandiza."

A Simenti anabwerera m'mbuyo masitepe asanu, nakweza dzanja.

"Zala zingati izi?"

Gogoyo anapendeketsa mutu, nayang'ana kuthanki, kuti dzanjalo ligwere m'mbali mwa diso. Mtengwa anapemphera mumtima, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, kuti munthu alakwitse.

"Zitatu."

"Zitatu," anabwereza a Simenti, akuyang'ana mkazi wawo. "Wakhungu wako uja."

Anabweretsa galimoto chafutambuyo mpaka pathanki. Matumbawo anawanyamula okha, limodzilimodzi, dothi likuwayenderera pamimba. Apongozi anaima potero, mutu uli kumbali, akumvetsera thumba lililonse likugwera m'galimoto. 

"Ukadzabwerezanso," anatero a Simenti ali pachiwongolero, "udzakaphikire udzu kwanu."

Alendo anabwera, anadya, anayamikira bwalo laukhondo. Mmodzi anati akanakonda mayi ake akanasamalidwa chotere. Apongozi anamwetulira kumene kunkachokera mawuwo.

Lachiwiri linali tsiku lobwerera kuchipatala. Namwino wa maso anali mayi wamfupi, wa mawu okhuthala, wosadziwa kuzungulira nkhani. Anatseka diso lakumanzere la Apongozi ndi chikhatho, nawaikira patsogolo pepala la mizere yopingasana ngati sefa, pakati pali kadontho kakuda.

"Yang'anani kadonthoko, agogo. Mizere ili bwanji?"

"Yagwa, mwana wanga. Ngati mpanda wodyedwa ndi chiswe." Anaphethira. "Kadonthoko mwafufuta?"

Namwino anayang'ana Mtengwa. Mwezi wapitawo kadonthoko ankakaona.

"Mukudya chiyani kunyumba, agogo?"

"Zonse. Mwana wanga amandisamala. Nyama tsiku lililonse."

"Masamba?"

"Ee, nawonso."

Namwino anaunika m'disomo nthawi yaitali, kenaka analemba kalata, naitanira Mtengwa pakhonde.

"Diso ili lasintha msanga. Ndikuopa kuti kumbuyoko kwayamba kuchucha. Kuchipatala chachikulu ali ndi makina oonera, ndipo zikakhala zimenezo pali jakisoni amene nthawi zina amaimitsa. Koma ndi za masiku, osati miyezi. Mupite sabata ino."

"Anamwino, ndikanawapatsa masamba aja tsiku lililonse mwezi uno..."

"Musadzinamize, mayi, ndipo musadzipweteke. Mbale za mwezi umodzi sizikanaletsa za lerozi. Diso limadya zaka, silidya masabata. Zimene linkafuna linkazifuna kalekale. Koma musasiye. Mbali zikali kuona, ndipo thupi lonseli lili ndi njala. Magazi ndi ochepa, shuga wakwera. Gogoyu akuchokera kumudzi wanjala uti?"

Mtengwa anatchula nyumba. Namwino anavula magalasi ake, nawapukuta, nawavalanso.

"Ya geti lachitsulo ija?"

"Yomweyo."

M'minibasi Apongozi anagwira dzanja la Mtengwa.

"Musamuuze tsopano. Mutu wake uli kudepoti. Akasaina mapepala ake, tidzamuuza."

"Ndiwauza lero, Amayi."

Anawauzadi, kalata ili m'manja. A Simenti anaiwerenga mpaka pakati, naibweza.

"Sabata ino sindingatseke sitolo, akampani akhoza kubwera tsiku lililonse. Ulendo wa tsiku lathunthu umenewo. Mwezi ukatha tidzapita, ndidzawaonetse kwa dokotala weniweni, osati wolembera anthu udzu."

"Ndipita nawo ndekha pabasi."

"Mayi anga pabasi, galimoto ilipo? Kuti anthu azinena chiyani?"

Apongozi nawo anakana. Popanda mawu a mwana wawo sakanakwera basi ya munthu. Kalatayo inakwera pamwamba pa firiji. Lachitatu linadutsa, Lachinayi linadutsa, sabata inatha. Gogoyo anasiya kuyatsa wailesi yakanema. Tiyi anayamba kumuthira pambali pa kapu. Pakudya ankakwezabe mutu makiyi akalira.

Lachinayi la sabata yotsatira kunagwa mvula m'mawa wonse, n'kukata masana. A Simenti sanabwere kudzadya. Anaimba kuti galimoto yafa, ili kwa makaniko. Cha m'ma folo koloko Mtengwa anapita kuchipinda ndi dzira lowiritsa, napeza bedi lokha. Kubafa kunalibe munthu, kuseri kwa thanki kunalibe. Geti laling'ono linali lotsegula pang'ono.

Anawaona atangosuzumira. Anali m'ngalande ya m'mbali mwa mpanda, mapazi ali m'matope, msana utapindika monga unapindikira zaka makumi atatu. Kumeneko kunkamera bonongwe wodzimerera, wosakanikirana ndi udzu ndi zitsamba zina. Dzanja lamanja linkapapasa, kutsina nsonga, kuponya m'nsalu imene anaipinda pamimba. Magalasi agolide anali atawasiya kunyumba.

Mtengwa anatsegula pakamwa kuti awaitane, koma anaona munthu akubwera m'mbali mwa msewu, akuponda paudzu pothawa matope. Anali a Simenti, wapansi, jekete lili paphewa. Palamba panalibe kanthu. Makiyi onse anali atatsala pamodzi ndi a galimoto kwa makaniko.

Anaima pamwamba pa ngalande, masitepe awiri kuchokera pamene panali mayi awo. Mtengwa anaona khosi lawo likufufuma, mawu akukwera. Koma gogoyo anali ataona kale chithunzi cha munthu m'mbali mwa diso. Anaweramuka msangamsanga, nabisa nsalu ndi manja onse awiri, nayang'ana mwana wawo kumaso, tsoo, maso ali otsegula.

"Mwaswera bwanji, bambo?" anatero mwaulemu wa kwa mlendo. "Pepani, ndakutsekerani njira? Dutsani."

A Simenti sanasunthe.

"Si kuba ayi. Ndi zomera zokha izi, za aliyense." Anaseka kuseka kwamanyazi. "Ndinu a konkuno? Ngati ndinu a konkuno, ndikupempheni chinthu chimodzi. Musakanene pamsika kuti mwandiona. Nyumba iyi ndi ya mwana wanga. Akamva achita manyazi, ndipo alibe mlandu. Ndi mwana wabwino, bambo. Amandipatsa zonse. Kungoti anamwino akuti timasambati timathandiza maso, ndiye ndati ndiyese, mwina kotsalaka kangachedwe pang'ono."

Jekete linatsetsereka paphewa la a Simenti n'kugwera m'matope. Sanalitole. Anayang'ana kugeti, napeza maso a mkazi wawo. M'maso mwawo munali pempho, loti abwere, ayankhule, athetse zimenezi. Mtengwa anagwira chitsulo cha geti, naima pomwepo.

"Mumamudziwa mwana wangayo?" anapitiriza Apongozi. "Wa sitolo ya simenti. Aliyense amamudziwa." Anatsitsa mawu. "Tandiuzani, poti inu mumamuona. Akuoneka bwanji masiku ano? Ali ndi nkhawa ya ntchito, ndimamva m'mawu. Waonda? Imvi zayamba? Ine nkhope yake yandithawa, bambo. Poyamba inkabwera ngati ili m'madzi, tsopano sabata ino sikubwera n'komwe. Ndimakhala naye patebulo, ndimaona malaya ndi manja. Ali ndi kachipsera apa, pamwamba pa nsidze, anagwa pa njinga ya eni ali mwana. Ndimakafunafuna, osakapeza." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Iye sakudziwa. Musamuuze zimenezonso."

Dzanja la a Simenti linakwera lokha kukagwira pamwamba pa nsidze. Pakamwa pawo panatseguka. Mtengwa anaona kuti akufuna kunena kuti Amayi, ndipo anaona kuti sangathe: liwu limodzi lokha, gogoyo akanadziwa amene wamuuza zonsezi.

"Ndinu osayankhula eti? Pepani, nkhalamba ikapeza khutu siimaliza." Apongozi anapisa dzanja m'nsalu, natapa masamba odzaza chikhatho, nawatambasulira kumene kunali chithunzicho, pang'ono kumbali. "Tengani awa, akazi anu akaphike. Asachulutse madzi, ndipo asavundikire nthawi yaitali, angafe mtundu. Tengani, musachite manyazi. Ndi chakudya."

A Simenti anasuntha phazi limodzi kuti manja awo afike pamene panali dzanja la mayi awo. Analandira ndi manja awiri. Pakati pa bonongweyo panali udzu, ndi tsamba limodzi la chitsamba chosadyedwa.

"Pitani bwino, bambo."

Anayenda. Anadutsa geti lawo lomwe osalowa, poti chitsulo chikanalira, napitirira ndi msewu, masamba ali m'manja patsogolo pawo ngati munthu wonyamula madzi.  Pa ngodya ya mpanda anakhota, osaonekanso.

Mtengwa anavula nsapato, natsikira m'ngalande. Matope anali ozizira.

"Ndinu mtengwa? Mwandipeza." Apongozi anapumira m'mwamba. "Panadutsa bambo wina apa. Waulemu, koma wosayankhula. Ndalongolola naye zambiri, kaya chandigwira n'chiyani. Mukuganiza akanena?"

"Sakanena, Amayi."

"Mwamuona? Ndi wa kuti?"

"Ndi wa konkuno."

Gogoyo anagwedeza mutu, naweramanso. Mtengwa anawerama pambali pawo. Dzanja lina ankathyola, linalo ankalipisa mwakachetechete m'nsalu ya apongozi ake, kuchotsa udzu.